Musanalembe pulani ya bizinesi, gulitsani kaye botolo limodzi

Phunziro la zabizinesi m'sukulu zambiri za ukachenjede limathera papepala. Gulu la anthu asanu lilemba pulani ya masamba 20, aphunzitsi achonga, malikisi atuluka, basi nkhani yatha. Pepalalo silinakumanepo ndi munthu amene wagwira ndalama m'manja n'kumaganiza ngati agule kapena ayi. Pomwe geni imaphunziridwa ndi pamenepo, ndipo wophunzira wa pa MUST ku Ndata, wa pa Malamulo ku Makwasa kapena wa sukulu ya anamwino pa Mulanje Mission ali pamalo abwino oyeserera. Mbali ina kuli anthu ambirimbiri ogona malo amodzi, omva njala nthawi imodzi, onse ali pa WhatsApp. Mbali inayi kuli midzi yodzaza mkaka, tomato, kabichi, mapeyala, zinanazi ndi nandolo, zomwe zimagwa mtengo zikachuluka. Ntchito yanu ndi kupeza pamene mbali ziwirizi sizikukumana.

Yambani ndi kope la madandaulo

Anthu ambiri amayamba ndi chinthu chimene akufuna kupanga, kenako n'kumasaka woti achigule. Tembenuzani. Gulani kope laling'ono, ndipo kwa masiku 14 lembani dandaulo lililonse limene mwalimva ndi makutu anu: wadandaula ndani, akuti chiyani, pakadali pano vutolo amalizemba bwanji, ndipo kulizembako kumamudyera ndalama zingati. Gawo lomalizalo ndilo lofunika kwambiri. Munthu wongodandaula kuti kuhositelo kulibe chakumwa chozizira sanakhale kasitomala. Koma amene amalipira kabaza kupita pa Goliati kukagula chakumwacho wakuuzani kale kuti ndalama ali nayo, ndipo wakuuzaninso mtengo umene angapirire.

Musalembe za pasukulu zokha. Pitani pa msika wa Bvumbwe m'mamawa magalimoto a ku Limbe ndi Blantyre akupakira ndiwo zamasamba, mudzabwerenso madzulo muone zimene zatsala pansi. Pitani pa Limbuli muone katundu wodutsa pa Muloza. Imani pa Likhubula muone mmene alendo okwera phiri amapezera owaperekeza ndi owanyamulira zikwama. Funsani alimi a nthochi kuno ku Thyolo kumene amapeza mbewu yopanda chisaka, matenda amene anagwetsa minda yambiri m'bomali ndipo amafala ndi nsabwe za nthochi komanso mphukira zodwala. Wophunzira sayansi, uinjiniya kapena kompyuta adzaona m'malo amenewa mavuto amene maphunziro ake angawagwire. Chenjezo limodzi kwa a makompyuta: musanathe miyezi itatu mukupanga pulogalamu ya pafoni ya alimi, werengani kaye kuti mwa alimi khumi amene mwacheza nawo ndi angati ali ndi foni yaikulu komanso bandulo. Nthawi zambiri uthenga wa SMS umafika patali kuposa pulogalamu yokongola.

Masiku 14 akatha sankhani madandaulo atatu amene abwera mobwerezabwereza. Pa atatuwo tengani limodzi limene mungaliyese ndi ndalama yoti ikatayika simugona ndi njala. Enawo asiyeni m'kope. Mapanga awiri avumbwitsa.

Kufunsa kwake

Safunsa anadya phula, koma pali kafunsidwe kena kamene kamadyetsanso phula. Mukafunsa mnzanu wa m'chipinda kuti, "Aise, nditayamba kupanga yogati ungamagule?" adzati eya, chifukwa kuvomera n'kwaulere ndipo sakufuna kukukhumudwitsani. Funsani za dzulo, osati za mawa. "Yogati unagula liti komaliza? Kuti? Botolo lalikulu bwanji, ndalama zingati? Chinakuipira n'chiyani?" Funsani anthu 20, ndipo osachepera 15 akhale oti simumadya nawo limodzi. Ngati mwa 20 aja ndi atatu okha amene anagulapo mwezi wathawu, msika ndi wochepa, kaya ganizolo likukomereni chotani.

Funsaninso mbali yogulako katundu. Kwa mlimi wa ng'ombe za mkaka mumafika mwaulemu, osati ndi chikalata cha mafunso ngati wa kalembera. "Mayi, mkaka wamadzulo mumapita nawo kubaliki kapena umatsala pakhomo? Ukakanidwa kumeneko mumautani?" Kubaliki ndi kumalo kumene gulu la alimi limasonkhanitsira mkaka wogulitsa. Pa mayankho amenewa mudzadziwa ngati mungapeze malita 10 kawiri pa sabata osadukiza, nthawi yokatenga, komanso mtengo umene gulu lawo limawalipira, umene wanu suyenera kuchepera.

Funso lachitatu limayankhidwa ndi chikwama: kutenga maoda. Lembani pa gulu la WhatsApp la hositelo kuti Loweruka kudzakhala yogati, botolo la mamililita 250, mtengo wakuti, ofuna atumize theka pa Airtel Money kapena TNM Mpamba pofika Lachinayi. Anthu 60 akhoza kuyamikira, otumiza n'kukhala 9. Nambala yeniyeni ndi 9 imeneyo.

Kuyesa ndi malita 10

Titenge yogati ngati chitsanzo, poti mkaka kuno ku Thyolo ndi wosasowa. Amene ganizo lake ndi lina, kaya kuyanika zinanazi, kukonza mafoni kapena kuchapa zovala, atsate kawerengedwe komweka.

Zofunika ndi poto wa malita 15 wokhuthala pansi, choyezera kutentha cha zakudya, sefa kapena nsalu yoyera yowiritsa, kulabokosi, mabotolo atsopano okhala ndi zotsekera, ndi malo mufiriji. Mkaka usefeni, muuike pamoto mukutakasa mpaka ufike madigiri 85, ndipo ukhale pamenepo mphindi 20 mpaka 30. Izi zimapha tizilombo komanso zimathandiza kuti yogati adzagwirane. Shuga, pafupifupi kilogalamu imodzi pa malita 10, thirani mkaka ukadali wotentha. Kenako ikani poto m'beseni la madzi ozizira mpaka kutentha kutsike kufika madigiri 43 kapena 45. Apa ndipo mumathira mbewu, yomwe ndi yogati wogula wosathira zokometsera, masupuni awiri kapena atatu pa lita iliyonse. Takasani pang'ono, vundikirani, ikani poto m'kulabokosi kapena mumukulunge bulangete, ndipo musamugwedeze kwa maola 6 mpaka 8. Akagwirana, takasani, thirani m'mabotolo, lowetsani mufiriji nthawi yomweyo. Lembani tsiku pa botolo lililonse ndipo konzani zoti athe pasanathe sabata.

Zolakwika zake n'zodziwika. Yogati akakana kugwirana, mwina munathira mbewu mkaka ukadali wotentha kwambiri ndipo inafa, kapena ng'ombe inabayidwa jekeseni wa mankhwala opha tizilombo masiku apitawa, ndipo mankhwalawo akupha mbewu yanu. Funsani mlimi za jekeseni musanalipire. Akatuluka wamadzimadzi, kawirikawiri mkaka unathiridwa madzi. Kubaliki amayeza zimenezi ndi kachipangizo koyandama kotchedwa lactometer, ndipo inunso mukayamba kugula pafupipafupi kagulenitu. Akawawasa kwambiri n'kulekana ndi madzi achikasu pamwamba, anakhalitsa pofunda. M'miyezi ya chiperoni, June ndi July, vuto limakhala lina: poto amazizira msanga usiku, choncho ikani mabotolo awiri a madzi otentha m'kulabokosimo. Ndipo magetsi akazima tsiku lonse katundu ali mufiriji, muyenera kukhala mutadziwa kale kogula madzi oundana. Yogati wokayikitsa mtayeni. Anthu atatu akatsegula m'mimba pa hositelo imodzi, dzina lanu latha semesita yonse.

Kuwerenga kumene ambiri amakuthawa

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza. Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, ndiye ikanimo yanu ya lero. Mkaka malita 10 pa K800 ndi K8,000. Shuga K3,500. Mbewu K2,000. Mabotolo 40 pa K150 ndi K6,000. Makala K2,000. Kabaza kupita ndi kubwera K2,500. Malo mufiriji ya munthu wina K1,000. Zonse pamodzi K25,000.

Papepala malita 10 amadzaza mabotolo 40. Pamoto mkaka umaphwera, wina umatsalira m'poto, ndiye mupeza 38. Limodzi mulawitsa anthu, lina litayika. Ogulitsa ndi 36. Gawani K25,000 ndi 36: botolo lililonse lakudyerani pafupifupi K694. Mukagulitsa pa K1,000 mutolera K36,000, phindu K11,000. Mabotolo 25 oyambirira amangobweza zimene munalowetsa, ndipo phindu lonse lili m'mabotolo 11 omaliza aja. Ichi n'chifukwa chake kutsala ndi mabotolo 8 osagulitsa sikuchepetsa phindu pang'ono, kumasesa gawo lake lalikulu.

Tsopano wina akuuzani kuti K1,000 yakwera, tsitsani ifike K800 kuti muthamangitse katundu. Werengani: 36 kuchulukitsa ndi K800 ndi K28,800, phindu K3,800. Mwatsitsa mtengo ndi K200 yokha koma phindu lagwa kuchoka pa K11,000. Ndipo mwathera maola asanu pa ntchitoyi, kuyambira kokatenga mkaka mpaka kugogoda m'zitseko. Nthawi yanu ilembeni ngati ganyu. Mukapanda kutero mudzaona ngati geni ikuyenda, mpaka tsiku limene mudzafune kulemba munthu woti akuthandizeni n'kupeza kuti palibe chomulipira.

Zida zogula kamodzi ziwerengeni padera. Ngati poto, choyezera ndi kulabokosi zakwana K60,000, pa phindu la K11,000 mufunika kuphika kasanu ndi kamodzi kuti zibwerere, ndiye kuti masabata atatu mukamaphika kawiri pa sabata. Ulendo woyamba bwerekani zidazi. Mugule pokhapokha anthu amene anagula koyamba abweranso okha osawaitana. Kubweranso kumeneko ndiko chizindikiro. Kugula koyamba ena amagula mwa chisoni.

Mtengo wogulitsira uziwerengedwa kuchokera pa mtengo umene mukapikulire mawa, osati umene munapikulira dzulo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene anapitiriza kugulitsa katundu wakale pa mtengo wakale anatolera ndalama yosakwana kuodanso katundu wofanana. Shuga kapena mabotolo akakwera, werengani tsiku lomwelo.

Ngongole, kope ndi kudya mpamba

Geni zambiri za pasukulu sizifa ndi kusowa makasitomala, zimafa ndi mawu akuti "ndikupatsa alawansi ikalowa". Pa chitsanzo chathu chija, mabotolo 8 opita pangongole yosabwezedwa ndi K8,000, ndipo pa K11,000 mwatsala ndi K3,000. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lamulo liikeni tsiku loyamba, chifukwa kuliika pakati kumadanitsa. Yankho lofewa ndi lakuti, "Pepani achimwene, mkakawu ndimalipira pompopompo kwa eni ake, ndiye pangongole sizitheka." Ngati mwaganiza zokongoza, ikani malire, mwachitsanzo mabotolo awiri pa munthu, ndipo asatengenso asanabweze.

Ndalama ya geni isagone m'thumba limodzi ndi ya sopo. Tsegulani nambala ina ya Airtel Money kapena TNM Mpamba yongolandirira za geni, ndipo kumbukirani kuti potapa ndalama kwa ejenti amadula, choncho zimenezo zilowenso m'kuwerenga. Kope likhale ndi mizere isanu: tsiku, zalowa, zatuluka, pa chiyani, zatsala. Lembani madzulo aliwonse, ngakhale K200 ya jumbo. Dziikireni malipiro okhazikika pa sabata, ndipo mukatenga botolo n'kumwa nokha, lipirani. Zikumveka zoseketsa, koma kudya mpamba kumayamba choncho: botolo lero, bandulo mawa, kutumiza kunyumba mkuja, ndipo Loweruka ndalama ya mkaka palibe.

Mpamba woyambira uchokere pa ganyu wanu, pa maoda olipiriratu, pa chipereganyu ndi anzanu, kapena kwa wachibale amene mwagwirizana naye momveka ngati ndi mphatso kapena ngongole. Ndalama ya fizi si mpamba, ngakhale ya ngongole ya boma ya ophunzira, chifukwa geni ikagwa mutaya ziwiri nthawi imodzi. Katapila musamuyandikire. Banki mkhonde ndi yabwinopo, koma chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pa mwezi, ndiye musanatenge onani ngati phindu la pamwezi likuposa chiwongoladzanjacho ndi mpata woonekeratu.

Mukamachita awiri kapena atatu, lembani papepala limodzi n'kusainirana: aliyense waika zingati, agwira ntchito yanji, phindu ligawidwa liti ndiponso motani, wosunga ndalama ndani, ndipo wina akafuna kutuluka kapena akachotsedwa sukulu atenga chiyani. Woika ndalama ndi woika thukuta amakangana pa mwezi wachiwiri, pamene woika thukuta waona kuti mnzake akudya ali gone. Gwirizanani kuti wogwira ntchito alipidwe kaye ganyu wake, zotsalazo ndiye zigawidwe molingana ndi mpamba.

Pulani, mipikisano ndi zikalata

Mukaphika kanayi kapena kasanu, ndiye nthawi yolemba pulani yakwana, ndipo tsamba limodzi likwanira. Kasitomala ndi ndani, vuto lake ndi lotani, mukumugulitsa chiyani pa mtengo wanji, chimodzi chikukudyerani zingati, mumamufikira bwanji, akugulitsa zofanana ndi ndani, ndipo chingaphe geniyi ndi chiyani. Pa funso la opikisana nawo musalembe kuti palibe. Amene akugulitsa thobwa lozizira pageti akulimbirana nanu K1,000 yomweyo.

Tsamba limeneli, limodzi ndi kope lanu, ndilo mupite nalo kwa aphunzitsi a zabizinesi, ku mipikisano ya maganizo a bizinesi, kapena ku mabungwe amene amaphunzitsa amalonda ang'onoang'ono. Woweruza aliyense amamvetsera kwambiri wophunzira wonena kuti "ndagulitsa mabotolo 140 m'masabata awiri, 30 mwa ogula abweranso" kuposa wolonjeza mamiliyoni a chaka chachisanu. Mipikisano ndi yabwino, koma pali ophunzira ena amene amasanduka akatswiri oyankhula pamaso pa oweruza osagulitsapo kanthu. Musakhale m'gulu limenelo. Ngati ganizo lanu latuluka mu pulojekiti ya chaka chomaliza ndipo mwagwiritsa ntchito labu ya sukulu, funsani msanga malamulo a sukulu pa umwini wa zimene mwatulukira, musanalowetsemo ndalama za munthu wakunja.

Za zikalata zimayenda ndi kukula kwa geni. Choyamba penipeni ndi malamulo a sukulu yanu pa kuphika ndi kugulitsa m'mahositelo. Funsani ku ofesi yoona za ophunzira, chifukwa mbaula m'chipinda ikhoza kukuchotsetsani malo ogona. Ambiri zimawayendera akapangana ndi banja la kunja kwa mpanda kuti aziphikira kumeneko. Mukafuna kutsegula malo ogulitsira, layisensi imachokera ku khonsolo ya boma lanu, Thyolo kapena Mulanje. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, ndipo nambala ya msonkho, TPIN, imachokera ku MRA. Ziwirizi mudzazifuna potsegula akaunti ya bizinesi kubanki komanso pogulitsa ku mabungwe ofuna invoisi. Chakudya chopakira m'botolo kapena m'paketi choti chikalowe m'mashopu chimafuna chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndipo iwo amayendera malo opangira ndi kuyeza katunduyo. Kudikira kuti mukwanitse zonsezi musanagulitse botolo loyamba ndi kudzimanga miyendo, koma ukhondo wokha sudikira chiphaso.

Kalendala ziwiri

Geni ya pasukulu imayendera kalendala ziwiri zosagwirizana. Ya sukulu imati masabata oyamba a semesita anthu ali ndi ndalama, pakati zimauma, nthawi ya mayeso inuyo mulibe nthawi, ndipo pa holide msika wonse umakwera minibasi n'kupita. Ya kumunda imati zinanazi ndi mapeyala zili ndi nyengo yake, mkaka umachepa msipu ukauma, ndipo mvula ikakula misewu ya m'midzi imavuta, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu March 2023 pamene milatho inaduka m'maboma awiriwa. Jambulani miyezi 12 papepala, mulembe kalendala ziwirizi imodzi pansi pa inzake. Mudzaona miyezi imene katundu alipo koma ogula kulibe. Wogulitsa zipatso ndi pamene amaganiza zoyanika. Wa yogati ndi pamene amafuna makasitomala osapita ku holide: ogwira ntchito pasukulu, manesi a pachipatala, aphunzitsi a sekondale, magolosale a pa Luchenza kapena pa Chitakale. Yambani kuwafunafuna semesita ili pakati, kuti pofika holide gawo limodzi mwa magawo atatu a katundu wanu lizipita kunja kwa mpanda.

Maola a geni aikeni malire, mwachitsanzo 10 pa sabata, Lachitatu madzulo ndi Loweruka. Kukatsala masabata atatu kuti mayeso ayambe, lekani kukongoza ndipo yambani kutolera ngongole zonse, chifukwa wopita ku holide ndi ngongole yanu amabwera ataiwala. Kukatsala masabata awiri, chepetsani kuphika kufika kamodzi pa sabata kapena musiyire munthu amene munamuphunzitsa kale ndipo mwamuona akuphika yekha kawiri. Mlimi wa mkaka muuzeni nthawi ikadalipo tsiku limene musiye kutenga ndi limene mudzayambirenso, kuti apeze kopita ndi malita ake. Mabotolo otsala awerengeni, poto ndi kulabokosi zitsukeni ziume bwino musanazisungitse, ndipo mpamba usiyeni pa nambala ya geni ija, kuphatikizapo ndalama yokwanira kuphika kawiri sabata yotsegulira.